Laputopu yanga inali ndi mwini wake

Sabata ino ndachita manyazi, abale, ndipo yondiyalutsa ndi kompyuta.

Mwezi watha ndinagula laputopu pa Nsaru kwa bambo wina amene anati mlamu wake wabwera nayo kuchokera ku Joni. Mtengo unali wotsika moti mafunso onse anandithera pakhosi.

Lachiwiri inayamba kuchedwa ngati ngolo ya fodya m'matope. Ndinapita nayo kwa Mayi Nachisale, aphunzitsi a zamakompyuta amene timapemphera nawo ku Kabudula. Anati aone kaye zimene zili m'kati mwake. Anatsegula kawindo kakuda bii, n'kulembamo liwu limodzi: systeminfo. Mizere inatsika mbwee. Ankandiwerengera umodziumodzi: mtundu wa Windows, tsiku limene anaiikamo, kukula kwa memore. Kenako anandifunsa:

"Abambo, mwati munaigula kwa yani?"

Analoza mzere wosonyeza mwini wake. Panali dzina la sukulu ina ya sekondale ya kwathu konkuno, imene sinditchula.

Sukulu imeneyo inaberedwa makompyuta chaka chatha. Mlonda wake, a Phiri, bambo wa ana asanu, anachotsedwa ntchito popanda umboni. Ndipo ine ndemwe ndinalemba patsamba lino kudzudzula akuba opanda chisoni ndi ana asukulu.

Amene anaba sindikumudziwa. Koma amene anagula ndikumudziwa bwino.

Kodi ndine ndekha? Batire ya sola ikasowa pachipatala timalira tonse, koma mawa lake wina amaigula n'kumatchajira mafoni. Zitsulo za pamjigo zikazulidwa, zimapita kuti? Timangoti "mwayi wanga", eti? Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ngakhale kuba kumafuna zala ziwiri: cha wotenga ndi cha wogula.

Lachitatu ndinabweza laputopu ija kusukuluko. Aphunzitsi aakulu anailandira ndi manja awiri, n'kunena mofatsa kuti tipite limodzi kupolisi ndikafotokoze za wogulitsayo. Ndinapita. Pobwerera ndinakumana ndi a Phiri akukankha njinga ya makala pachitunda. Anandipatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse. Ndinayankha, koma maso anga anali pansi.

Kompyuta imasunga dzina la mwini wake, ukaifunsa imanena. Nanga batire ija ili kuchipinda kwanuyo, ikanakhala ndi pakamwa, ikanatchula yani?