Njinga ya Ababa Yabwera pa Thiraki ya Shuga

Mwaswera bwanji nonse. Njinga ya olumala imene achemwali a Esnati anatumizira ababa kuchokera ku Joni yafika lero.

M'mawa a thiransipoti anandiimbira kuti katundu wathu anamuchita kiliya pa boda ku Mwanza, tsopano ali ku depoti ku Limbe. Ine ndimadikira kuti atibweretsera pakhomo, koma akuti tinalipira yongofikitsa ku depoti, ndipo tikachedwa ayamba kutitchaja sitoleji, ndalama yosungira katundu. Sindikanatha kuwasiya okha ababa.

Ndinawadandaulira pafoni a Fombe, aneba athu oyendetsa thiraki ya shuga aja. Anati akatsitsa shuga ku Blantyre amabwerera opanda katundu, ndiye atitengera.

Chandikhudza n'chakuti njingayo sanaiponye kumbuyo. Anaikhazika pampando wakutsogolo n'kuimanga lamba ngati munthu, kuti isagubuduke potsetsereka ku Thabwa. Ndalama akana.

Ababa atangokhalapo anati, "Ndikankheni, ndikaone chimanga changa kudimba." Chidwalireni sitiroko anali asanafikeko. Tapita, ndipo nthawi yobwerera itakwana amachita kukana kuchoka kudimbako.

Abale, a Fombe tiwathokoze bwanji? Ine ndikuti mbuzi timasungira Khirisimasi ija ipite kwa iwowo basi.