Goloboyi wa pa intaneti amene amayi anamuyesa mwana wawo

Ndinanamiza amayi anga ondibala ndi mawu awiri okha, ndipo bodza lake linali la chithunzi chaulere cha pa intaneti. Ndikulemba izi kuti inu owerenga, makamaka anzanga amene mumadyera pa kompyuta ngati ine, musadzagwe m'dzenje limene ndinagwamo.

Ndine mtsikana wogwira ntchito pa kashopu kosindikiza zinthu pa Chimbiya. Timapanga makadi a ukwati, zikwangwani ndi matisheti, koma ntchito imene imabwera kawirikawiri ndi ya zamasewera: mpikisano wa mpira wa midzi, wa ntchembere mbaye, wa masukulu. Kujambula pamanja sinditha, nkhuku ndikaijambula imatuluka ngati ketulo. Choncho ndinazolowera masamba a pa intaneti amene amagawa zithunzi zojambulidwa kale. Umangolemba dzina la masewera, zithunzi n'kutuluka mbwee, iwe n'kusankha chimene wakonda popanda kulipira. Ndinkazikonda kwambiri moti sindinkadzifunsa kuti enanso akuzitenga ndi ndani.

Kwathu ndi kufupi ndi Mphunzi. Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene anga a Lonjezo, amene anali goloboyi wa timu ya m'mudzi mwathu. Anali wamtali, wowonda, wolongolola pagolo kuposa mphunzitsi wa timu. Mpira ukawadutsa, wolakwa ankakhala dzuwa, mphepo kapena kachulu ka pabwalo, iwo ayi. Anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto pamsewu waukulu, ndipo foni ndi kachikwama kawo zinasowera pangozi pomwepo.

Titayika maliro m'pamene tinazindikira kuti zithunzi zawo zonse zinali mufoni imeneyo. Anzawo a timu anali nazo zithunzi zambiri, koma achimwene munalibemo, poti foni yabwino inali yawo ndiye wojambula ankakhala iwowo. Ine amene ndimatandala ndi nkhope za anthu osawadziwa pa kompyuta, ndinalibe n'chimodzi chomwe cha m'bale wanga.

Itakwana nthawi yomanga chiliza, amalume ananena kuti tsiku lokachionetsa, abale tonse tidzavale matisheti ofanana, okhala ndi chithunzi cha malemu. Ntchito inagwera ine, nanga wa kompyuta m'banjamo ndi ndaninso? Ndinafunsa paliponse, osapeza kanthu. Masiku atathina ndinachita zimene ndinazolowera. Ndinatsegula tsamba lija n'kufufuza magoloboyi. Panatuluka wina wakuda bii ngati mthunzi wa munthu, wopanda nkhope, wowonda, akuuluka chammbali manja atatambasula. Ndinamutenga, pansi pake n'kulembapo dzina la achimwene. Mumtima ndinkati n'chizindikiro chabe chosonyeza kuti ankakonda mpira.

Ndinapita nayo tisheti imodzi kumudzi kuti akaione. Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anapukuta manja pachitenje, n'kuilandira ndi manja awiri. Anayendetsa chala pamsana pa goloboyiyo mpaka kumapazi, kenako anati, "Ndi iyeyu. Taona kutalika kwa zala. Unamupeza kuti mwana wanga?"

Ine ndinati, "Mu kompyuta."

Inu owerenga, mawuwo anali oona, koma ndinadziwa bwino lomwe zimene amayi anamva. Anamva kuti winawake anawajambula achimwene akudumpha, ine n'kuchipeza. Chimwalirire mwana wawo ndinali ndisanawaone akumwetulira, ndipo tsikulo anamwetulira mpaka mano kuonekera. Ndinalibe mtima wowalanda chimwemwe chimenecho. Ndinadziuza kuti ndidzawafotokozera mwambo ukadutsa.

Mwambo unadutsa, ine osanena. Kumanda amayi ankaitana anzawo a mumphakati mmodzimmodzi kuti aone m'mene mwana wawo ankaulukira. Tishetiyo ankaichapa okha, kuyanika pamthunzi kuti isasuluke, n'kuisunga m'sutikesi pamodzi ndi yunifolomu ya kutchalitchi. Anandipemphanso kuti ndiwasindikizire chithunzicho papepala. Ndinatero, ndinachiika m'felemu, iwo n'kuchipachika kuchipinda pafupi ndi mtanda. Ndikapita kumudzi ndinkawamva m'mawa akuchipatsa moni.

Zinaululika m'nyengo yozizira, tsiku la msika. Amayi anabwera pa Chimbiya ndi thumba la kachewere kudzagulitsa. Masiku omwewo panali patatsegulidwa malo obetchera mpira, ndipo ine ndinali ndisanadutseko. Ndili pantchito, mayi wina wogulitsa tomato amene amatidziwa analowa ali wefuwefu n'kundiuza kuti ndithamange, amayi akulira kumtunda.

Ndinawapeza pakhomo pa malo obetcherawo, kachewere atamusiya kumsewu. Pamwamba pa chitseko panali chikwangwani chachikulu, ndipo pachikwangwanipo panali goloboyi yemwe uja, zala zomwe zija, akuuluka kuti agwire mpira wozunguliridwa ndi ndalama. Amayi sankakalipa. Ankachonderera mwini malowo kuti amutsitse mwana wawo, kuti anagona kale, kuti sankatchova njuga, ndipo amusiye apumule. Bamboyo, amene analibe mlandu uliwonse, ankangofotokoza mwaulemu kuti chikwangwanicho anakapangitsa ku tauni. Anthu anali atayamba kuunjikana. Amayi atandiona anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Auze iweyo. Si Lonjezo uyu?"

Ndinawatenga pang'onopang'ono mpaka kushopu kwathu, ndinawakhazika pampando wanga n'kutsegula tsamba lija. Magoloboyi anadzaza kompyuta yonse, ena ogwada, ena odumpha, wathu uja ali pakati pawo. Ndinawauza zonse, kuti zithunzizi amajambula anthu akutali, kuti aliyense padziko akhoza kutenga, ndiponso kuti ndinadziwa kuyambira tsiku la nyemba lija.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti nanga ameneyu ndi mwana wa yani. Ndinati si wa munthu aliyense, anangomujambula. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. Koma anangondipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chawo ngati ndidakali wa sitandade wani. Anati akudziwa kuti ndinawamvera chisoni. Chimene chinawaopsa n'china: anati akhala akuchiyang'ana chithunzicho tsiku ndi tsiku, moti tsopano akatsinzina kuti amuone Lonjezo, amene akubwera ndi munthu wakuda wouluka uja, nkhope ya mwana wawo osabwera.

Palibe mawu amene anandipwetekapo chotere. Ndinkaganiza kuti ndawapatsa mwana wawo, pamene ndinali kuwafufutira kochepa kamene anatsala nako.

Zithunzi zaulere sindinasiye kugwiritsa ntchito, ndipo sindikunena kuti n'zoipa. Pa chikwangwani cha mpikisano wa masukulu zimathandiza kwambiri. Koma dziwani kuti chimene mwatola chaulere, mnzanu wa bawa kapena wa njuga akhoza kutolanso chomwecho mawa. Musachiike pa chinthu chimene munthu adzachikumbatire ngati chake yekha. Ngati mwachiika, nenani poyera pomwepo kuti ichi n'cha pa intaneti, ngakhale nkhope ya wofunsayo itagwa. Kukhumudwa kwa tsiku limenelo n'kochepa poyerekeza ndi kumene ndinawaonetsa amayi anga pagulu la anthu.

Chinanso, jambulani abale anu adakali moyo, ndipo zithunzizo musazisunge mufoni imodzi. Amene amakonda kujambula anzake, mulandeni foniyo nthawi zina, naye aime kutsogolo.

Felemu ija amayi anaitsitsa okha. Masiku ano ndikapita kumudzi timakhala pakhonde n'kumakumbutsana. Ine ndimanena za mphuno ndi dzino lakutsogolo limene linabenthuka pa mtengo wa golo, iwo amanena za makutu ndi kachipsera ka pachibwano. Nthawi zina timatsutsana kuti kachipserako kanali mbali iti, ndipo palibe woti n'kutiweruza.