Jusi Wofiira wa Amayi

Dzulo mwana wanga anagula jusi wofiira pa siteji ya minibasi ku Domasi. Akumwa, ine ndinayang'ana kumbali.

Ndinali wamng'ono pamene amayi anadwala khansa. Anesi ena ankabwera panjinga, kudutsa m'minda ya mpunga, atatenga botolo la mankhwala obiriwira. Ankawasambitsa amayi, kuwatembenuza pamphasa, kenako n'kuwamwetsa. M'nyumba munkatsala fungo la sopo losakanikirana ndi la chilonda. Ine ndinkayesa kuti m'botolomo muli jusi, ndipo ndinkawada anesiwo chifukwa chondimana.

Tsiku lina anabweretsa mankhwala ofiira. Ndinathamangira kudimba kukauza abambo.

"Ababa, lero amayi awapatsa jusi wofiira, wotsekemera uja. Ndiye kuti akuchira eti?"

Abambo anasiya khasu, tonse n'kuthamangira kunyumba. Anesi tinawapeza akusamba m'manja pakhonde.

"Anesi, tafika pamenepa?" anafunsa abambo.

"Tafika, bambo. Itanani abale awo. Koma ululu saumva, ndipo mawa ndibweranso."

Ine ndinkavina pabwalo, fumbi kobo.

Nditakula m'pamene ndinadziwa kuti ofiira aja ndi mankhwala amphamvu opha ululu, omwe amapatsa munthu amene obiriwira asiya kumugwira, ndipo kuti tsiku limenelo ndinkavinira maliro a amayi anga.