Khoma Lomwe Ahedi Anapaka Laimu

Chaka cha riferendamu ndinkaphunzitsa zojambula pasukulu ina ku Katawa. Tsiku lina anyamata a timu ya mpira, atawina, anagwira mtsikana wina kuseri kwa kalasi n'kumung'ambira bulauzi. Nditakawauza, ahedi anangoti, "N'chisangalalo chabe, amadamu."

Mtima unandiwira. Ndinaitana timu yonse, n'kuwapatsa penti ndi khoma limodzi kuti ajambulepo mwamuna weniweni. Anajambula chimunthu cha minofu yokhayokha. Nditawafunsa za mtsikana uja, goloboyi anaseka. "Amadamu, mtsikana akati ayi ndiye kuti akufuna chomene."

"Bambo ako akukana chipani chimodzi mumsewumu," ndinamukalipira. "Ndiye kuti akuchifuna?"

Mawa lake anyamatawo anafufuta minofu ija n'kujambula mtsikana atakweza dzanja kukana, mnyamata atabwerera m'mbuyo. Goloboyi yemweyo anapita yekha kukapepesa kwa mtsikana uja.

Ahedi ataona khomalo analamula kuti lipakidwe laimu, ati ndi ndale. Mtsikanayo anasiya sukulu chaka chomwecho, ndipo palibe mkulu anapita kwawo kukafunsa chifukwa chake. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.