Bowo lachiwiri pa ekizozi

Bambo Aloysius asanapite ku Joni ankacheka matabwa a bulugamu kwawo ku Chiradzulu, ndi sowo ija ya anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje. Ku Midrand anapeza kuti mitengo ya m'mipanda ya olemera imagwetsedwa ndi tcheniso, makina a unyolo wamano. Anayamba ndi ganyu yokoka nthambi, mpaka anadzagula tcheniso yawoyawo, yakale, kwa Mzimbabwe wina.

Makinawo anali ndi nthenda. Dzuwa la Disembala likawomba ankatentha n'kutsamwa mtengo uli pakati. Tsiku lina bamboyo anamasula ekizozi, nayang'ana kabowo kotulukira utsi.

"Munthu angathamange atamutsina mphuno?" anadzifunsa.

Anaboola bowo lachiwiri, anatsuka tizitsulo tonse kuti tisalowe mu injini, n'kuwonjezera mafuta pa kabuleta. Tcheniso inapuma bwino, inasiya kutentha, inayamba kudya jakaranda ngati chinangwa. Mbiri inawanda ku Kya Sand kumene ankakhala, moti Loweruka lililonse amuna odula mitengo ankaunjikana pakhomo pawo, aliyense ndi makina ake.

Kuboola aliyense angathe. Luso lawo linali m'khutu: kupotokola kasikuluwu ka mafuta pang'onopang'ono mpaka injini italira mosasa mawu. Ikalira mopyapyala ndiye kuti mafuta achepa, pisitoni ipsa. N'chifukwa chake zotseka m'makutu ankazikana, ngakhale ekizozi yoboola imasokosa koopsa.

Woyamba kuzindikira kuti makutu ayamba kufa anali akazi awo, mayi Rozina, amene ankagwira ntchito yam'nyumba ku Rosebank n'kumabwera kumapeto kwa sabata. Ankaitana kawiri katatu mwamuna ali duu. Bamboyo ankangoti anthu a masiku ano amalankhulira m'kamwa.

Kenako anawotcha tcheniso ya Harun, mnzawo wa ku Mangochi. Anaichuna, anaipereka, ndipo sinamalize n'komwe mtengo umodzi. Harun sanakalipe.

"Eish, akulu, inkalira ngati nkhumba pa mpeni. Ndimayesa mukudziwa. Simunamve?"

Sanamve. Ku chipatala anawauza kuti makutu akafa ndi phokoso sadzukanso. Anabwerera n'kulonga zida m'thumba, ndipo obwera Loweruka ankawabweza pageti. Mitengo ankadulabe, koma kunyumba ankangokhala pa kreti, maso kumsewu.

Mayi Rozina anapirira nazo mwezi wathunthu. Iwo ankaimba alto m'kwaya ya ku tchalitchi, ndipo tsiku lina anaima patsogolo pa amuna awo kuti aone milomo.

"Abambo, mawu amene mumafuna mu injinimo ndi otani? Tandimvetseni."

"Zimenezi si za kwaya, amayi."

"Lizani basi."

Analiza tcheniso yawo yakale ija, yochunidwa kalekale makutu akadali amoyo. Mayiyo anamvetsera atatsinzina. Kenako bamboyo anapotokola kasikuluwu dala.

"Apo yakwera! Yauma kukhosi ngati soprano wotopa."

Anabweza pang'ono. Dzanja la mayiyo linakwera m'mwamba. Bambo Aloysius anayang'ana pamene kasikuluwu kanaima, ndipo panali pomwe paja. Anazimitsa makina n'kuyamba kupukuta manja oyera kale.

Harun ndiye anali woyamba kubweranso, ndi makina ena. Ena anaseka poona mzimayi atakhala poteropo, dzanja lili m'mwamba ngati wapolisi wapamsewu, koma matcheniso awo sanapse, ndipo kuseka kunatha. Mayi Rozina anaika malamulo awo: amuna awo azivala zotseka m'makutu, iwo eni azikhala patali ndi makina, ndipo tcheniso ikhale imodzi pa nthawi.

Mumtengo bambo Aloysius sakweranso, poti wapansi akakuwa samumva. Amadula zimene ena agwetsa. Mayi Rozina amadandaula kuti zovala zawo zimanunkha petulo mpaka ku Rosebank, ndipo Lamulungu, ngakhale munthu achonderere bwanji kuti ali ndi ntchito mawa, amamuuza kuti abwere Loweruka.