Chikhomo Chofiira M'munda wa Mayi Anga

Ndinali ndi zaka khumi pamene anthu ojambula mapu a dambo la Chilwa anafika kwathu ndi makina a miyendo itatu. Anakhoma chikhomo chopaka penti wofiira pamalire a munda wa mpunga umene malemu mayi anga anandisiyira, n'kuuza agogo amene ankandilera kuti, "Mayi, ichi chisazulidwe, tidzabweranso."

Agogo anamva zawozawo. Mundawo a Khoviwa, msuweni wa mayi, ankaudya pang'onopang'ono; chaka chilichonse khasu lawo linkalowerera kwathu. Tsono kwa agogo chikhomocho chinali boma lenilenilo litaima m'munda wa mwana wamasiye. Mlonda wa chikhomocho ndinali ine.

Ndinachida chikhomo chimenecho. Ndikaweruka kusukulu, anzanga akusewera fulaye, ine ndinkaponda thope lofika m'mawondo kukaona ngati chilipo. Pobwera misundu inkakhala itakakamira m'miyendo.

"Wachigwira, kapena wangochionera patali?" agogo ankafunsa. Ine ndinkangomatula misunduyo mokwiya.

Mvula itachuluka madzi anakwera. Kwathu madzi akakwera munda umasendera kumtunda, akaphwa umawatsatira. Agogo anati chikhomo cha boma sichingatsale chokha m'madzi. Tinachizula, ine n'kuchisenza, n'kukachikhoma pamalire atsopano. Madzi ataphwa tinachisunthanso.

Anthu a mapu atabweranso anachisaka m'mabango mpaka kutopa. Agogo anawalondolera monyadira. Wamkulu wawo anavula chipewa, n'kugwira mutu.

"Mayi, mwationongera ntchito yonse! Ichi n'choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo, sichinena za mwini munda."

"Tsitsani mawu, bambo," agogo ananong'ona. "A Khoviwa ali apo."

Analidi apo, khasu lili paphewa, kutsidya kwa malire amene miyezi yonseyo sanayerekeze kuwadumpha. Bambo uja anawayang'ana, kenaka anayang'ana zipsera za m'miyendo mwanga. Anausa moyo, n'kuyambiranso kuyeza. Ulendo uno chikhomo anachithira simenti pamalire pomwepo, a Khoviwa akuona.

Mapuwo ndinadzawaona nditakula. Dambo lonse ndi timizere tabuluu, dzina lathu mulibe. Mpaka lero sindidziwa ngati agogo ankachikhulupiriradi chikhomo chija, kapena ankangofuna kuti a Khoviwa achikhulupirire. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti analibe wina wowaimira, ndiye anagwira chimene chinawafika pafupi. Misundu ija sindinaikhululukire, koma mpunga umene ana anga amadya umachokera m'munda womwewo.