Nyimbo ya amayi mu kompyuta ya atate

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Vubwi komwe atate ankaphunzitsa. Amayi anali atamwalira chaka chapitacho. Mawu awo anatsala pamalo amodzi okha, mu kompyuta yakale ya atate, momwe munali nyimbo yomwe anatsogolera pa kwaya ya amayi a kumpingo. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, atate ankaiyatsa, tonse n'kukhala chete kumvetsera.

Kompyutayo inalibe zithunzi zodinapo. Pagalasi pake panali bii, ndipo chilichonse chinkafuna kuchita kulemba. Ine ndinkasuzumira paphewa pa atate n'kuloweza timawu tomwe ankalemba, koma kufunsa ayi. Kwathu mwana sankapanikiza akulu ndi mafunso.

Lachinayi lina atate ali kumunda wa mtedza, ndinafuna kuti nyimboyo ndikhale nayo yangayanga. Ndinalemba timawu tina tomwe ndinaloweza, mv, kenako dzina la nyimbo, kenako dzina langa, Tiyanjane, poganiza kuti zikhala ziwiri. Nditayang'ana pamndandanda wa zomwe zinali mu kompyutamo, dzina la nyimbo panalibe. Ndinatseka msangamsanga n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe.

Masiku atatu ndinkaona ngati ndawaika amayi m'manda kachiwiri, ndi manja angawa. Lamulungu m'tchalitchi sindinamve ngakhale vesi limodzi.

Titafika kunyumba atate sanayatse kompyuta. Anangokhala pampando atagwira tsaya. Ndinagwada, misozi ili chuchuchu, n'kuulula zonse, ndikudikira mkwapulo.

"Walemba chiyani makamaka?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinawauza.

"Ine sindikumbukira zonse za m'menemu. Tiyifunse yokha. Lemba mv --help."

Ndinalemba. Pagalasi panadzaza mizere ya Chingerezi, kompyuta ikufotokoza yokha ntchito ya timawuto. Ndinawerenga mwachibwibwi, atate akumasulira. Timawuto sitifufuta chinthu ayi. Timangochisamutsa kapena kuchisintha dzina.

Tinayang'ananso pamndandanda, ndipo pansi penipeni panalembedwa kuti Tiyanjane. Atate anatsegula, mawu a amayi n'kudzaza nyumba yonse.

Apo m'pamene ndinaona atate akulira. "Ndinaifuna Lachisanu osaipeza," anatero. "Dzina lakoli ndinaliona, koma ndinkayesa ndi za kusukulu. Ndimaganiza kuti ndafufuta ndine, ndiye ndimaopa kukuuza."

Lero ndimaphunzitsa makompyuta ku Katete, ndipo tsiku loyamba ana anga salemba china koma --help ndi man, mawu otsegula buku la malangizo lomwe limakhala m'kati mwa makina momwemo. Ndimawauza kuti yankho limakhalapo kale, limangodikira wofunsa. Ife awiri tinavutika m'nyumba imodzi chifukwa choopa kutsegula pakamwa.

Atate anakana kubwezera dzina lakale la nyimboyo. Mpaka lero, ndikafuna kumva amayi, ndimalemba dzina langa.